Mizere Imene a Mawaya Anafufuta

Kunja kaya kutenthe bwanji, a Mawaya ankapita kuntchito atakolera juzi paphewa. Anthu a pokwerera basi ankawanena kuti mwina magazi anawathera, koma iwo ankangomwetulira. Akanawafotokozera chiyani? Malo awo antchito anali pansi penipeni pa nyumba ya kafukufuku, kuseri kwa zitseko ziwiri zolemera, m'chipinda chozizira ngati firiji ya m'butchala. Mmenemo munali makabati akuda atandanda mizere inayi, timagetsi tobiriwira tikuphethira, mafani akulira osapuma moti polankhula umachita kukuwa. Makabati onsewo anali kompyuta imodzi, chikompyuta chimene asayansi a m'nyumba yonseyo ankatumizako masamu awo olemera. Woyang'anira wake anali a Mawayawa.

Dzinali analitengera kwa bambo awo, amene anali wokonza mawailesi m'kashopu kopanikizika pakati pa telala ndi wometa. Anakulira pansi pa tebulo la bambowo akutola tizidutswa ta waya, ndipo asanadziwe kulemba kalata anali atadziwa kale kuwotcherera. Sukulu sanapite nayo patali ngati anzawo a m'maofesi a pamwamba, koma makina ankawamva ndi khutu. Fani ikangosintha kaliridwe, iwo ankaloza kabati yake asanayang'ane n'komwe pa sikirini. Zaka makumi awiri ndi zisanu anakhala m'kuzizira kumeneko osadwalapo chimfine, ndipo izi ankakonda kuziuza aliyense wofika kumene.

Koma ukhondo, abale! Waya aliyense ankamumanga bwinobwino n'kumumata kapepala konena kumene akuchokera ndi kumene akupita. Kunyumba nako botolo la shuga linali ndi kapepala, la mchere kapepala. Akazi awo ankati, "Bambo a ana, tsiku lina ndidzadzuka mutandimata kapepala pachipumi." Ankaseka onse awiri. Chinthu chosalongosoka chinkawayabwa m'maso a Mawaya, ndipo palibe amene ankaganiza kuti khalidwe labwino chotero lingapweteke munthu.

M'nyumba yomweyo, pansanjika yachitatu, munkagwira ntchito alamu awo, mkulu wa akazi awo. Anthu anawapatsa dzina loti Mayi Nyemba, poyamba mobisa, kenako pamaso, ndipo eni ake analilandira. Anali mayi wamtali, wolankhula mosazungulira, woti akamaseka aliyense m'khonde amadziwa. Kalekale, tsiku limene a Mawaya anakaonekera koyamba kwa apongozi awo, mayiyu anawafunsa pagulu kuti, "Ndiye mwati ntchito yanu ndi yolumikiza mawaya basi?" n'kuseka chikhakhali. Patapita zaka ziwiri, ndi mayi yemweyu amene anawatsina khutu za ntchito ya m'chipinda chozizira, n'kukawalankhulira kwa mabwana. Mtima wa munthu ndi wovuta ndithu. Thandizo lija a Mawaya ankalikumbukira akachita kulifuna, koma chikhakhali chija chinkabwera chokha.

Mayi Nyemba anatha zaka khumi ndi chimodzi akulimbana ndi matenda ena owumitsa nyemba m'minda. Atayendayenda anapeza mtundu umodzi, kwa mlimi wina wokalamba, umene matendawo ankaulambalala. Chimene ankafuna tsopano chinali kuwerenga malangizo a chibadwa a nyembayo, amene asayansi amati DNA, kuti apeze chimene chikuiteteza. Vuto lake ndi lakuti makina a mulabu sawerenga DNA yonse nthawi imodzi. Amaiduladula tizidutswa mamiliyoni mazanamazana, ndipo kompyuta ndiyo imalumikiza tizidutswato kuti tibwerere m'malo mwake.

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo a Mawaya ankaidziwa kuposa wina aliyense. Kompyuta yaikulu siimangokhala yaikulu basi. Ili ndi mapurosesa, amene amachita masamu, ndiponso memore, pamene ntchito imayalidwa ikamachitika. Iwo ankakonda kufotokozera alendo potengera telala uja wa pafupi ndi shopu ya bambo awo. Ankati pali ntchito imene mungaigawire atelala chikwi, aliyense n'kusoka kachigamba kake pakatebulo kake. Anthu olosera zanyengo ntchito yawo ndi yotero, ndipo amafuna mapurosesa ambiri othamanga. Koma pali ntchito ina yofuna tebulo limodzi lalikulu, loti nsalu yonse iyalidwepo, apo ayi sudziwa kuti chigamba ichi chikumana ndi chiti. Ya Mayi Nyemba inali yotereyi. Liwiro silinali lofunika kwenikweni kwa iwo. Ankafuna memore yochuluka pamalo amodzi.

Kompyuta yakale itayamba kutopa, kunabwera thandizo la ndalama loti agule ina. Bwana wamkulu anaitana a Mawaya mu ofesi mwake.

"Akulu, makinawa mumawadziwa ndinu. Mutilembere zimene asayansi athu akufuna, tigule chinthu chowayenera. Komatu," anatero bwanayo akutsitsa mawu, "pali mndandanda uja wa makompyuta othamanga kwambiri padziko lonse. Dzina lathu litakalowamo, sizingakhale zoipa."

A Mawaya anatsika masitepe akumva kukoma. Mwana wa wokonza mawailesi kusankha makina oti dziko liwawerenge! Anadziwa pomwepo kuti thandizolo silingakwanire zonse. Kuikamo kabati imodzi ya memore yaikulu kukanachotsa mapurosesa ambiri, ndipo mumndandanda muja sakanalowamo.

Njira yodziwira zosowa za anthu inali yodziwika. Kompyuta imasunga kaundula wa ntchito iliyonse imene yatumizidwa: anatumiza ndani, inatenga nthawi yaitali bwanji, inadya memore yochuluka bwanji. A Mawaya anatulutsa kaundula wa zaka zitatu n'kuyamba kumuyeretsa. Anthu a ntchito imeneyi ali ndi chizolowezi chochotsa ntchito zonse zimene zinafa mphindi zisanu zisanakwane, chifukwa kawirikawiri amakhala munthu walakwitsa potayipa. Amati ndi zinyalala. Palibe amene akanawadzudzula pochita zimene aliyense amachita.

Linali Lachiwiri masana, atangomwa tiyi. Atasanja zinyalalazo kuti azifufute, maso awo anagwera pa dzina la alamu awo. Mzere umodzi, wachiwiri, wachitatu, mpaka mizere zana limodzi ndi makumi anayi, yonse yothera pa uthenga umodzimodzi wakuti memore yatha. Sikunali kulakwitsa potayipa kumeneku. Ntchito ya Mayi Nyemba inkafa isanayambe chifukwa tebulo linali laling'ono, ndipo poti inkafa msanga, kaundula ankaonetsa ngati mayiyu sagwiritsa ntchito makina kwenikweni. A Mawaya anatenga pensulo n'kuwerengera pakona ya pepala kuchuluka kwa memore imene inkafunika. Yankho linatuluka loonekeratu.

Tisanamizane, sikuti sanaone. Anaona, anamvetsa, ndipo chala chawo chinaima m'mwamba kanthawi ndithu. Mwezi umenewo Mayi Nyemba anali kuminda, koma foni inali m'thumba la juzi, ndipo nambala ankaidziwa pamtima. Anadziuza kuti lamulo ndi lamulo, mphindi zisanu ndi mphindi zisanu. Anadziuza kuti munthu mmodzi sangaimitse nyumba yonse. Anadziuzanso kuti alamu awo ndi ophunzira kwambiri, adzapeza njira ina, si paja iwo ndi madokotala, ife ndife olumikiza mawaya basi. Ganizo lomalizali linawachititsa manyazi, komabe chala chinatsika. Chithunzi cha zosowa za asayansi chinatuluka chosalala bwino, chopanda kanthu kotumphuka, ndipo bwana atachiona anati sanaonepo lipoti laukhondo chotero.

Makina anafika pa malole awiri. Kunali kudula riboni, kunali kujambulitsa, a Mawaya atamanga tayi pamwamba pa juzi. Mumndandanda muja analowamodi, chakumunsi kwenikweni, koma analowamo. Olosera zanyengo ntchito imene inkawatengera sabata anayamba kuimaliza asanadye chamasana. Ofufuza za mankhwala ankawagwira chanza m'khonde. Mayi Nyemba nawo anabwera kudzaona, anazungulira makabati akugwedeza mutu, n'kuwamenya a Mawaya paphewa.

"Alamu, apa ndiye mwatiombola. Nyemba zanga zija zilankhula tsopano."

A Mawaya anaseka mokakamiza.

Pa makina atsopano ntchito ya Mayi Nyemba inkatha mphindi makumi anayi isanafe. Imeneyi ndiye inali nkhanza yeniyeni, chifukwa inkapatsa munthu chiyembekezo kaye. Sabata yoyamba anatsika pansi ali chisekereseke. Sabata yachitatu anatsika atapinda manja pachifuwa chifukwa cha kuzizira, akuchita kukuwa kuti amveke pamwamba pa mafani.

"Alamu, pepani ndakuvutitsaninso. Ikufabe. Kodi ndikulakwitsa pati?"

Apa ndi pamene akanalankhula. Mawu ake anali ochepa, osakwana mpweya umodzi. M'malo mwake a Mawaya anayang'ana pa sikirini ngati akufufuza, n'kunena kuti, "Mwina muyese kuidula tizigawo ting'onoting'ono, alamu. Makinawa amakonda tizigawo." Ankadziwa bwino lomwe kuti ntchito imeneyo siidulika.

Mayi Nyemba anawakhulupirira. Akanakayika bwanji? Anabwerera kumwamba n'kuyamba kulembanso pulogalamu yawo. Analemba miyezi inayi, ikufa. Analembanso mwa njira ina, ikutuluka ndithu koma zotuluka zake zosokonekera, tizidutswa ta kumutu tili kumiyendo. Chaka chinatha, china chinayamba. M'chipinda chomwera tiyi anthu anayamba kunong'ona kuti makina othamanga chonchi sangalephere, vuto ndi mwini ntchito. Wina anafika ponena kuti amayi aja nthawi yawapitirira, angosiyira ena. A Mawaya anali pomwepo, kapu ili m'manja. Anatakasa shuga amene anali atasungunuka kale.

Musaganize kuti ankagona tulo tabwino, kapena kuti sanayese kukonza mwakachetechete. Anatsegula makabati a kompyuta yakale, amene anali atawaunjika kunkhokwe, n'kuzula timemore tonse kuti atiphatikize pamalo amodzi. Timemoreto sitinalowe, mapangidwe ake anali osiyana. Analembera mnzawo woyang'anira kompyuta ya bungwe lina kupempha malo. Mnzawoyo anayankha mwaulemu kuti n'zotheka, bola bwana wa a Mawaya alembe kalata yofotokoza chifukwa chimene makina atsopano, otchuka chotero, akulepherera ntchitoyo. A Mawaya anawerenga yankholo katatu. Kuti bwana alembe kalata yotero, anayenera kumva kaye za mizere ija. Anatseka uthengawo osauza munthu.

Ndiye anayamba kulipa m'njira zopanda pake. Kompyuta ya pa desiki ya alamu awo ikangotsokomola, iwo anali atafika kale ndi sikuludiraiva. Anawasinthira mpando, anawakonzera fani ya mu ofesi, anawaikira ntchito zawo patsogolo pa mzere kuti zizifa mofulumira. Lamlungu Mayi Nyemba akabwera kunyumba kudzacheza ndi mng'ono wawo, a Mawaya ankathamangira kuwatsegulira geti, kuwapatsa mpando wabwino, kenako n'kupeza chifukwa chokakonzera mpopi kuseri.

"Koma inu ndi akulu anga mwayamba kugwirizana bwanji masiku ano?" akazi awo anafunsa tsiku lina akupukuta mbale. "Kale munkangoti amadzimva."

"Munthu amakula, mayi a ana."

"Mwachita bwino. Akufunika anthu pafupi."

Anafuna kufunsa kuti akutanthauza chiyani, koma munthu wobisa chake safunsa zambiri. Anangoona okha kuti chikhakhali chija chinasiya kumveka m'khonde la pansanjika yachitatu. Mayi amene kale ankadula bwana pakamwa pamsonkhano tsopano ankakhala kumbuyo, akafunsidwa n'kuyankha kuti, "Kaya, mwina anzanga akudziwa bwino." Zinkawawawa a Mawaya, zinkawawawa zedi, ndipo ankadziona kuti ndi munthu wachabechabe. Koma kuwawidwa mtima n'kosavuta kusiyana ndi kukwera masitepe.

Lachinayi lina m'mawa, atangovala juzi, anapeza uthenga pa sikirini. Unali waufupi. "Alamu, mafayilo anga onse a nyemba mufufute, malowo apatsidwe ena. Ndalemba kalata yosiya kafukufukuyu, ndikapereka kwa bwana mawa. Ndavomereza kuti njira yanga ndi yolakwika. Zikomo pondipirira zaka zonsezi."

Anakhala pansi. Mafayilowo anali patsogolo pawo, zaka khumi ndi zitatu tsopano za minda, matope, ndi mlimi wokalamba uja amene anali atamwalira kale. Kufufuta kunkafuna mzere umodzi wokha, ndipo mwini wake anali atapempha yekha. Akanatero, nkhani ikanathera pomwepo mpaka kalekale, popanda wodziwa. Anayang'ana mawu akuti "pondipirira" mpaka anayamba kuoneka awiriawiri. Kenako anaimirira, anatsegula zitseko ziwiri zija, n'kuyamba kukwera. Chikepe chinalipo, koma anasankha masitepe kuti apeze nthawi yokonza mawu, ndipo anafika pamwamba alibe ndi limodzi lomwe.

Anapeza Mayi Nyemba akulongedza mabuku m'katoni. Pawindo panali timiphika ta nyemba zija, zitayanga pa ulusi.

"Alamu, mwafufuta kale? Mwachita changu."

"Sindinafufute." Anatseka chitseko n'kuima chilili, thukuta likuyenderera mkati mwa juzi. "Kalatayo musakapereke. Njira yanu ilibe vuto. Sinakhalepo ndi vuto."

"Musandisangalatse, alamu. Ndine munthu wamkulu."

"Sindikukusangalatsani. Vuto ndi makina. Alibe memore yokwanira ntchito yanu, ndipo ngakhale mutalemba pulogalamu yabwino chotani, singathe pamenepaja. Ndinawasankha ndine."

Mayi Nyemba anaika buku pansi pang'onopang'ono. "Aliyense amalakwitsa posankha. Simukanadziwa."

Khomo lothawira linali limenelo, atatsegulirwa ndi munthu yemwe anamulakwira.

"Ndinkadziwa."

Anafotokoza zonse, osadumpha. Za kaundula, za mizere zana limodzi ndi makumi anayi, za pensulo, za foni imene inali m'thumba, za mndandanda wa makompyuta othamanga, za mnzawo wa bungwe lina. Ngakhale za chikhakhali cha kwa apongozi anazinena, ndipo pozinena anamva okha kuchepa kwake, moti analakalaka pansi patang'ambika. Mayi Nyemba sanawadule. Anakhala pampando, manja ali pamaondo, akuyang'ana katoni.

"Inkafunika memore yochuluka bwanji?" anafunsa pomaliza.

A Mawaya anatchula nambala ija osaganiza n'komwe. Inali isanachoke m'mutu mwawo.

"Ndipo mwakhala mukuidziwa kuyambira liti?"

"Makina asanabwere."

"Tsiku lija ndinatsika kudzakufunsani kuti ndikulakwitsa pati?"

"Ndinkadziwa, alamu."

Ankayembekezera kukalipiridwa. Ankafuna kukalipiridwa, kutukwanidwa, ngakhale kuponyedwa buku, chilichonse choti chifanane ndi mlandu wawo. Koma Mayi Nyemba anangotulutsa mpweya wautali, n'kuphimba nkhope ndi manja onse awiri. Mapewa awo anagwedezeka. Atachotsa manja, maso anali onyowa, ndipo mawu anatuluka otsika kwambiri.

"Ndiye mutu wanga uli bwinobwino."

"Alamu?"

"Mukukumbuka mmene amayi athu anathera. Munalipo. Anayamba ndi kusokoneza tinthu timene ankatidziwa bwino, kenako anaiwala njira ya kubafa, kenako anatiiwala ife ana awo. Anayamba ali ndi zaka zimene ndili nazo inezi." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ine ndimati zandiyamba. Ntchito yoti ndaidziwa moyo wanga wonse, makina abwino chotere, aliyense zikumuyendera, ine ndekha ayi. Ndikanaganiza chiyani? Ndapita kuchipatala katatu, alamu. Andilowetsa m'chimakina chojambula ubongo, andifunsa kuti lero ndi lachingati, andiuza kuti ndijambule wotchi ngati mwana wa sukulu. Akandiuza kuti sakupeza kanthu, ine ndimati ndi chifundo chabe, kapena sizinayambe kuoneka. Mwana wanga ndinamuuza kale kumene kuli mapepala a nyumba."

A Mawaya anawasamalira apongozi awowo m'nyumba mwawo zaka zitatu zomaliza, ndipo ankakumbukira bwino mmene akazi awo ankalirira akamasambitsa mayi amene ankawafunsa kuti ndinu yani. Anatsegula pakamwa kuti apepese, koma mawu akuti pepani anawaona kuchepa moti anachita nawo manyazi.

"Kuchipatalako ankandiperekeza ndi mng'ono wanga," anapitiriza Mayi Nyemba. "Maulendo onse atatu. Ndinamulumbiritsa kuti asakuuzeni, poti mwandivutikira kale kwambiri ndi makinawa, ndisakuwonjezereni nkhawa."

Anatenga kalata ija pa desiki, anaiyang'ana, n'kuiika mudirowa. Kenako anadzutsa maso, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka ziwiri anawayang'ana a Mawaya mmene ankayang'anira anthu kale, mosaphethira.

"Mafayilo anga musawakhudze. Za bwana tikambirana mawa, ndipo mukalankhula ndinu. Koma lero mukafika kunyumba, musanavule ndi nsapato zomwe, mukamuuze nokha mkazi wanu. Chaka chonsechi wakhala akukonza chipinda chija munkagona amayi, kuti ndidzagonemo ine."